Musathamangire kudina Replace All

Malipoti ambiri a zaumoyo, ndandanda za ana a sikelo komanso mauthenga opita kwa makolo masiku ano akulembedwa pa kompyuta. Mu Microsoft Word, Excel ndi Google Docs muli chida chopulumutsa nthawi: mukadina Ctrl ndi H pamodzi, mumalemba mawu olakwika ndi mawu oti alowe m'malo mwake, kenaka Replace All imasintha paliponse nthawi imodzi. Chidachi n'chabwino, koma tikuchenjeza kuti pankhani ya moyo wa anthu sichoyenera kuchigwiritsa ntchito mwachisawawa.

Vuto lake n'lakuti kompyuta siwerenga tanthauzo, imangoona zilembo. Mukaiuza kuti isinthe “ana” kukhala “ophunzira”, imagwiranso “mwana” ndi “anabwera”, n'kutulutsa “mwophunzira” ndi “ophunzirabwera”. Chichewa chimalumikiza tizigawo tambiri m'mawu amodzi, choncho zoterezi sizichedwa kuchitika.

Pa manambala ndiye palibe choseketsa. Kusintha 5 kukhala 10 kumasandutsa paracetamol wa 500 mg kukhala wa 1000 mg, ndipo mwana wolemera makilogalamu 15 amalembedwa 110. Nambala ya 110 aliyense aidabwa, koma 1000 mg imaoneka yabwinobwino, ndipo munthu atha kuitsatira.

Njira yopewera ilipo pomwepo. Mu Word dinani More, n'kuchonga Find whole words only kuti isinthe mawu oima paokha basi. Mu Excel pitani pa Options, muchonge Match entire cell contents, kuti 5 asasokoneze 15 kapena 500.

Chongani Match case pamene zilembo zazikulu ndi zazing'ono zikusiyanitsa tanthauzo. Chitsanzo ndi LA, mankhwala a malungo. Mukafuna kulemba dzina lake lonse popanda kuchonga pamenepo, kompyuta imasinthanso “la” wa mu “dzina la mwana”, ngakhale mutaiuza kuti igwire mawu oima paokha.

Kuwonjezera apo, sungani kope lina la fayilo musanayambe. Pomwe pali dzina la mankhwala, mlingo, tsiku la katemera kapena dzina la wodwala, gwiritsani ntchito Find Next ndi Replace, malo amodziamodzi, mukuona ndi maso. Ngati mwadina Replace All, onani nambala imene pulogalamu yakuuzani. Ikati yasintha malo 60 pamene inu mumayembekezera 6, dinani Ctrl ndi Z nthawi yomweyo kuti zibwerere mwakale.

Tikupempha amene amaphunzitsa anthu ongodzipereka pa zaumoyo kuti aziphatikiza zimenezi m'maphunziro awo, ndipo chikalata chilichonse chonena za mlingo wa mankhwala chiziwerengedwanso ndi munthu wachiwiri chisanasindikizidwe. Nanunso makolo, mukaona mlingo wolembedwa ukusiyana ndi zimene adokotala ananena pakamwa, funsani musanammwetse mwana.