Mpira wa m'madzi ndi ana a m'tsinde mwa phiri la Zomba

Zomba ndi mzinda wozunguliridwa ndi madzi, pakuti pamwamba pa phiri pali damu la Mulunguzi ndi la Chagwa, mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imatsika kuchokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo chakum'mawa kuli nyanja ya Chilwa komwe madzi onsewa amakathera. Ngakhale zili choncho, mwana wobadwira ku Chinamwali, ku Matawale, ku Sadzi kapena kwa Mpondabwino angathe kulemba mayeso a Sitandade 8 mpaka a MSCE popanda munthu wodziwa bwino kumuphunzitsako momwe angakhalire pamwamba pa madzi akuya osamira. Amene amatha kusambira adaphunzira okha mozemba makolo, m'maiwe a m'mitsinje nthawi ya dzinja, ndipo kusambira kwawoko nthawi zambiri kumangokwanira kuwoloka kuchoka tsidya lino kufika tsidya linalo mothamanga, mpweya usadathe. Pali masewero amodzi omwe maziko ake onse ndi luso lomwe anawa alibe, ndipo ngakhale ndi achilendo kwa anthu ambiri a mu Zomba, kuwalingalira kumathandiza kuona chomwe chikusowa pakati pa ana a mumzindawu ndi madzi awo.

Masewerowa ndi mpira wa m'madzi, womwe padziko lonse umadziwika ndi dzina loti water polo. Timu iliyonse imalowetsa m'madzi osewera asanu ndi awiri, mmodzi mwa iwo ali goloboyi, ndipo cholinga n'kuponya mpira m'golo lotambalala mamita atatu lomwe limayandama kumapeto kwa dziwe. Masewero a akuluakulu amagawidwa m'zigawo zinayi za mphindi zisanu ndi zitatu chilichonse, koma popeza wotchi imaima nthawi iliyonse woimbira akaliza wezulo, osewera amakhala m'madzimo pafupifupi ola lathunthu. Wosewera saloledwa kugwira mpira ndi manja awiri pokhapokha akhale goloboyi, saloledwa kuumiza pansi pa madzi pamene mdani akumulimbana nawo, ndipo timu ikautenga imakhala ndi pafupifupi theka la mphindi kuti iponye kugolo, apo ayi mpirawo umapita kwa anzawo. Lamulo lomwe limasiyanitsa kwenikweni masewerowa ndi ena onse a mpira ndi loti dziwe liyenera kukhala lakuya mamita 1.8 kapena kuposa apo, kotero kuti palibe amene amaponda pansi. Wosewera amaima chilili m'madzi pozunguza miyendo mosinthanitsa, wina ukuzungulira uku wina uko, monga mthiko umachitira m'mphika wa phala, ndipo mwa njira imeneyi mapewa ndi manja zimatsala pamwamba, zomasuka kulandira ndi kuponya mpira. Mwana amene wadziwa bwino kupalasa kotereku angathe kukhala pamadzi akuya kwa nthawi yaitali osatopa kwambiri, akupuma bwino ndiponso akuona zonse zomuzungulira.

Masewerowa adayambira ku Britain m'zaka za m'ma 1870, ndipo munthu amene amatchulidwa kuti adalemba malamulo ake oyambirira ndi William Wilson wa ku Scotland, mphunzitsi wa kusambira. Poyamba ankaseweredwa m'mitsinje ndi m'maiwe achilengedwe, ndipo adalowa m'mipikisano ya Olimpiki ku Paris mu 1900, pamene amayi adadikira zaka 100 kuti aloledwe, ku Sydney mu 2000. Chofunika kwa Mmalawi m'mbiri imeneyi n'chakuti dziko lomwe lapambana kwambiri kumbali ya amuna, Hungary, silidachite malire ndi nyanja yamchere, chimodzimodzi Malawi, ndipo anthu ake safika 10 miliyoni, komabe latenga mendulo ya golide ka 9, kuyambira mu 1932 mpaka mu 2008. Serbia, yomwe idapambana katatu motsatizana ku Rio de Janeiro, ku Tokyo ndi ku Paris, nayonso ilibe gombe la nyanja yamchere. Chomwe maiko awiriwa ali nacho ndi maiwe osambiramo omangidwa m'mizinda, aphunzitsi omwe nawonso adakulira m'masewerowa, ndi makalabu omwe amalandira mwana ali wamng'ono n'kumusunga mpaka atakula. Dziwe lotchuka la pachilumba cha Margaret mumzinda wa Budapest, lomwe lidapatsidwa dzina la katswiri wosambira Alfréd Hajós, lidatsegulidwa mu 1930, zaka ziwiri dzikolo lisadatenge golide wake woyamba, ndipo dongosolo la zinthu ziwirizi silidangochitika mwangozi.

Kalabu ya ana, m'maiko momwe masewerowa adakhazikika, ndi bungwe losadalira sukulu imodzi, lomwe limasonkhanitsa ana a m'dera lonse n'kuwagawa m'magulu potengera zaka zawo. Mwana amalowa ali ndi zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, nthawi zambiri atadutsa kale m'maphunziro a kusambira, ndipo amayamba ndi kampira kakang'ono, golo laling'ono ndi malamulo ofewetsedwa, anyamata ndi atsikana akusewera pamodzi. Ku Italy, mumzinda wa Lignano Sabbiadoro, kumachitika chaka ndi chaka chikondwerero cha ana a misinkhu imeneyi chotchedwa HaBaWaBa, chomwe chidayamba mu 2008. Mwanayo akamakula amakwera kuchoka gulu lina kupita gulu lina limodzi ndi anzake omwewo, kotero kuti pofika zaka 17 amakhala atatha theka la moyo wake ndi anthu amodzimodzi, ndipo amadziwa komwe mnzake alowere asadatembenuke n'komwe. Kudziwana kotereku sikuphunzitsidwa pamsonkhano wa masabata awiri wokonzekera mpikisano, ndipo apa mpomwe pagona kusiyana kwa kalabu ndi matimu a m'masukulu ambiri a m'Malawi muno, omwe amasonkhana mpikisano ukayandikira n'kubalalika ukangotha, kapenanso kufa mphunzitsi wamasewero akasamutsidwa.

Kukulira m'kalabu kuli ndi mtengo wake, ndipo sikungakhale chilungamo kuubisa. Masewerowa ndi ankhanza ndithu, chifukwa zambiri zimachitika pansi pa madzi pomwe woimbira saona, monga kukokana zovala, kugwirana manja ndi kukankhana ndi mawondo, ndipo wopezeka wolakwa amatulutsidwa kwa masekondi osapitirira 20, timu yake n'kutsala yoperewera. Zipewa zomwe osewera amavala zili ndi zotchingira makutu zolimba chifukwa mpira wolemera magalamu oposa 400 ukamenya khutu ungathe kuboola nembanemba ya m'kati, ndipo mapewa, omwe amagwira ntchito yosambira ndi yoponya nthawi imodzi, ndiwo amavulala kawirikawiri mwa achinyamata omwe akuchulukitsa maphunziro thupi lisadakhwime. Masewero odziwika kwambiri m'mbiri, a pakati pa Hungary ndi Soviet Union ku Melbourne mu 1956, patangopita masabata ochepa asilikali a Soviet Union atathetsa kuukira kwa anthu a ku Hungary, adatha Ervin Zádor akutuluka m'dziwe magazi ali chuchuchu kumaso. Kupatula za thupi, pali za nthawi ndi ndalama, pakuti mwana wa m'kalabu amaphunzira masiku ambiri pamlungu, ndipo makolo amalipira dziwe, mphunzitsi ndi maulendo. Maulendowo sangalekedwe, popeza mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo timu yomwe imangosewera yokhayokha imafika msanga pomwe singapitirirenso.

Kum'mwera kwa Africa kuno masewerowa adatsata njira ina, ya m'masukulu. Ku South Africa, dziko lomwe lidatumiza timu ya amuna ndi ya amayi ku Olimpiki ya ku Tokyo, mphamvu zake zili m'masukulu akale okhala ndi maiwe awoawo, monga St John's College ndi St Stithians ku Johannesburg kapena SACS ndi Bishops ku Cape Town, ndipo ku Zimbabwe ndi masukulu monga Peterhouse, Falcon College ndi St George's College omwe amawasunga. Njira imeneyi imabala osewera abwino, koma imawasankha potengera thumba la makolo, ndipo ambiri amasiya akangomaliza sukulu chifukwa kunja makalabu owalandira ndi ochepa. Kusambira kwa mpikisano m'Malawi muno nako kwadalira kwambiri maiwe a masukulu olipira, monga St Andrew's ku Blantyre, Bishop Mackenzie ku Lilongwe ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama. Dziko lino latumizako osambira ku Olimpiki, ena mwa iwo Joyce Tafatatha ndi Charlton Nyirenda ku London mu 2012, Ammara Pinto ndi Brave Lifa ku Rio de Janeiro mu 2016, ndi Filipe Gomes ku Tokyo ndi ku Paris, koma silidatumizepo timu ya mpira wa m'madzi. Dziwe la mulingo wa mipikisano lomwe lidamangidwa ku Kamuzu Institute for Sports ku Lilongwe, pokonzekera masewero a achinyamata a Region 5 a mu Disembala 2022, ndi chuma cha dziko ndithu, koma mwana wa ku Zomba sangayende mtunda wa makilomita oposa 250 katatu pamlungu.

Wina angafunse chifukwa chomwe ana a mu Zomba sangayambire m'madzi omwe ali nawo kale, monga adachitira a ku Scotland, kapena monga amachitira a m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic ku Croatia ndi Montenegro, komwe golo limangoyandamitsidwa padoko nthawi yotentha. Yankho lake lili m'mtundu wa madziwo. Damu la Mulunguzi, lomwe lidamalizidwa cha m'ma 2000, ndi nkhokwe ya madzi akumwa a mzinda wonse, ndi lakuya kwambiri, ndipo madzi a paphiripo ndi ozizira mokwanira kuweteramo nsomba za trout zomwe azungu adabwera nazo, kotero kuti mwana sangapirire m'menemo ola lathunthu, makamaka mu Juni ndi Julayi. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, yamatope, ndipo imaphwa nthawi zina monga idachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Madzi ake odekha a m'mphepete, pamodzi ndi a m'minda ya mpunga ya ku Likangala ndi ku Domasi, ndi omwe nkhono zofalitsa likodzo zimakonda. Mitsinje nayo imasefukira mwadzidzidzi m'dzinja n'kuphwa m'chilimwe. Chotsala ndi dziwe lomanga, ndipo maiwe ochepa omwe alipo m'derali ali kumalo ogona alendo ndi kumalo ena olipira, komwe mwana wa mayi wogulitsa zitheba kapena mapichesi mumsika wa Zomba sangalowe.

Apa mpomwe nkhaniyi imasiya kukhala ya masewero okha. Bungwe la World Health Organization lidalengeza mu 2024 kuti anthu pafupifupi 300,000 adafa pomira m'madzi padziko lonse m'chaka cha 2021, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Boma la Zomba ndi la anthu oyenda pamabwato pakati pa doko la Kachulu ndi chilumba cha Chisi, a asodzi, ndi a ana owoloka mitsinje popita kusukulu, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adaonetsa chigawo chonse cha kum'mwera momwe madzi amasinthira usiku umodzi. Kusambira sikungapulumutse munthu m'chigumula chogubuduza miyala, koma munthu amene bwato lamugudubukira panyanja yodekha amapulumuka ngati angathe kuyandama mpaka thandizo litafika, ndipo luso limenelo ndilo mwana wa mpira wa m'madzi amaliphunzira m'miyezi yake yoyamba. Vuto la maphunziro a kusambira paokha n'lakuti amatopetsa, mwana akangotha kudutsa dziwe kawiri amaona ngati wamaliza, pamene mpira umamubweza m'madzi mlungu ndi mlungu kwa zaka, chifukwa anzake akumudikira ndipo Loweruka kuli masewero. Dziko lomwe atsikana ake amakula akuponyerana mpira wa ntchemberembaye pabwalo lililonse la sukulu, lomwe timu yake ya Queens idagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 ku Gold Coast mu 2018, silisowa manja odziwa kulandira, kuponya ndi kupeza mpata. Theka la masewerowa ana a m'Malawi ali nalo kale.

Zomba ili ndi mwayi womwe matauni ena alibe, woti mabungwe akuluakulu ali pafupipafupi: Yunivesite ya Malawi, yomwe idakhazikika ku Chirunga mu 1973 ndi dzina la Chancellor College, asilikali a ku Cobbe Barracks, sukulu ya apolisi, koleji ya aphunzitsi ya ku Domasi, ndi masukulu a sekondale monga Masongola, Mulunguzi, St Mary's ndi Zomba Catholic. Onsewa ali ndi chifukwa chofunira anthu awo kudziwa kusambira, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene angasamale dziwe payekha mosavuta, chifukwa mtengo weniweni wa dziwe suli pomanga koma posamala: mankhwala a klorini, pampu yomwe iyenera kuzunguza madzi tsiku ndi tsiku ngakhale magetsi akuzimazima, ndi malipiro a mlonda wodziwa kupulumutsa omira. Dziwe lomwe pampu yake yaima masabata awiri limasanduka lobiriwira, ndipo posakhalitsa limakhala la achule ndi udzudzu. Dziwe limodzi logawana, lomwe asilikali ndi apolisi angagwiritse ntchito m'mamawa, ophunzira masana, ndi kalabu ya ana madzulo ndi Loweruka kuyambira Seputembala mpaka Epulo pomwe madzi amakhala ofunda, lingakwanire mzinda womwe kalembera wa 2018 adapeza kuti uli ndi anthu opitirira pang'ono 105,000. Ngati dziwe lotere lidzamangidwe, chinthu chofunika kuchigamula pulani isadasainidwe ndi kuya kwake, pakuti omanga amakonda maiwe osaya chifukwa ndi otchipa kukumba ndi kudzaza, koma m'dziwe lomwe mwana wa zaka 12 angaponde pansi paliponse sangaphunziremo kuyandama choimirira, ndipo kulikumbanso litamangidwa kale kumadya ndalama zambiri kuposa kulikumba bwino poyamba.