Digoxin si Panadol

M'makomboni mwathu tinazolowera kupatsana mankhwala monga mcere. Pa digoxin, cizolowezi cimeneci cingaphe munthu.

Mtima wa munthu wamkulu umagunda ka 60 mpaka 100 pa miniti. Ukayamba kuthamanga mosalongosoka, digoxin amaucepetsa liwiro ndi kuupatsa mphamvu. Koma muyeso wociritsa uli pafupi kwambiri ndi muyeso wakupha, makamaka kwa okalamba, odwala impso, ndi amene akumwanso Lasix, pakuti Lasix amacotsa potaziyamu m'thupi.

Mukamva mseru, mukasanza, mukaona zinthu zacikasu, kapena mtima ukagunda kosakwana 60, pitani kucipatala tsiku lomwelo. Mukaiwala kumwa, musamwe mapilisi awiri pamodzi. Mnansi akadandaula za mtima, musamupatse anu. Mperekezeni kukapimidwa.