Masheya Athu ndi Fungo la ku Dyeratu

Ena mwa ife kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, tikagulitsa fodya kapena soya, tayamba kupatulako kangachepe kogulira masheya pa Malawi Stock Exchange. Nzabwino ndithu, pakuti ndalama yogona m'nyumba imafooka chaka ndi chaka.

Koma taonani za Press Corporation, imene inalowa pamsikawo mu 1998. Wogula masheya ake amasanduka mwini wa kachigawo ka Ethanol Company ya ku Dwangwa, yoyamba ntchito mu 1982, ndiponso PressCane ya ku Chikwawa, ya mu 2004. Ziwirizi zimatcheza ethanol kuchokera ku molasesi wotsala popanga shuga, ndipo amamsakaniza ndi petulo kuti dziko lichepetse mafuta oitanitsa kunja. Nzimbe ukadula zimaphukanso, pamene chitsime cha mafuta chikaphwa chaphwa.

Komabe anthu a ku Dyeratu akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti madzi oipa a m'maiwe a PressCane amanunkha ndi kuononga minda yao. Ife a ku Mponela ndi ku Malomo fungolo silitifika. Imatifika ndi dividendi yokha. Pa msonkhano wa pachaka wa eni masheya, ngakhale wa masheya ochepa ali ndi ufulu wofunsa akuluakulu a kampani. Nanga ndani wa ife anaimirirapo kufunsa za maiwewo?