Thupi Lanyamuka, Nanga Munthuyo Adali Yani?

Akuluakulu ndi anzanga nonse, a ku Malawi, a ku Chipata ndi Katete, a ku Angonia ndi Tete, ndi inu a ku Halale amene agogo anu adachoka kwawo kalekale, ndabwera ndi mlandu. Woimbidwa mlanduwo ndife tonse, ine ndemwe ndili momwemo.

M'miyezi yochepa yapitayi taperekeza anthu atatu pano pa Kya Sand, kumpoto chakumadzulo kwa Johannesburg. Mauthenga a maliro onse atatu ndikadali nawo m'foni, ndipo mutawaika pamodzi simungawasiyanitse. Pamwamba pali chithunzi chotapidwa pa Facebook, pambali pake kandulo yojambula. Kenaka dzina limodzi, zilembo za RIP kapena MHSRIP, ndi nambala ya akaunti. Pamunsi pake mndandanda: uje R100, uje R50, uje walonjeza Lachisanu. Pakatha sabata ziwiri uthenga umabwera woti "thupi lanyamuka". Pakatha masiku ena atatu, "thupi lafika, zikomo nonse". Gulu la WhatsApp lija n'kulitseka, kudikira tsiku lomwe lidzatsegulidwire wina.

Wachitatu mwa anthuwo adali bambo wachikulire wa ku Ntcheu, amene adakhala m'zisakasa za malata zino zaka zoposa khumi. Kumene ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo ankangowaitana kuti "Malawi". Anyamata a kuno ankawatchula kuti "Madala". Usiku wa pasiwa, titazungulira moto, ndidafunsa kuti kodi mfunda wawo udali wotani. Panalibe wodziwa. Ndidafunsa mudzi, wina adati mwina cha ku Tsangano, wina adatsutsa. Koma aliyense pamoto paja ankadziwa mtengo wa bokosi lawo mpaka randi yomaliza, ndi ndalama zomwe zidaperewera kuti galimoto inyamuke.

Ndisananene zambiri, ndivomere kulemera kwa ndalamazo, chifukwa wina andiyankha kuti mawu sagula bokosi. N'zoona, sagula. Kutulutsa munthu m'nyumba yachisoni kuno n'kumufikitsa kumanda a kwawo ndi ntchito yothyola msana: chikalata cha imfa, chikalata chokonzera thupi, chilolezo chotulutsira maliro m'dziko, kalata ya ku ofesi ya kazembe, kenaka ngolo yokokedwa ndi galimoto kudzera pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, mpaka Zobue ndi Mwanza. Opereka ndalamazo ndi amayi ochapa zovala za eni ake ku Bloubosrand, anyamata oima m'mbali mwa Malibongwe Drive kudikira ganyu, ndi otolera mabotolo ndi zitsulo pamtaya. Munthu amene wapereka R50 pa ndalama ya ufa wa ana ake sindingamunyoze. Maliro n'kulirana, ndipo pa kusonkha timalirana ndithu. Mlandu wanga ndi woti kulirana kwathu kwathera pa kusonkhako. Taphunzira bwino kutumiza thupi, ndipo luso limeneli latiphimba m'maso kuti tisaone kuti munthuyo sitikumutumiza, ndiponso sitikumusunga.

Chiyankhulo chathu chomwe chimatiulula. Munthu wamoyo ali m'gulu la maina la Mu-A-, ndipo pomulemekeza timamupatsa mgwirizanitsi wa ochuluka: abambo afika, amayi anyamuka. Akangotsamaya, onani kumene timamukankhira. Mtembo uli m'gulu la Mu-Mi-, pamodzi ndi mtengo ndi mtolo: mtembo unyamuke. Thupi lili m'gulu la Li-Ma-, pamodzi ndi thumba: thupi lanyamuka, thumba lanyamuka. Chitanda chili pamodzi ndi chinthu. Mawu onsewa ndi Chichewa chabwino ndipo ali ndi malo ake; dokotala ndi wapolisi ayenera kuwagwiritsa ntchito. Koma akulu athu, akamanena za wawo, ankakonda liwu lina. Ankati "maliro anyamuka", "maliro afika pamudzi". Liwu loti maliro lidachokera ku mneni woti kulira, kotero limatchula womwalirayo kudzera mwa omulira, osati kudzera m'mnofu wake. Ndipo mvetserani mgwirizanitsi wake: maliro afika, agogo afika. M'khutu ndi a- mmodzi yemweyo. Anzanga a malamulo a chiyankhulo andikumbutsa kuti awa ndi magulu awiri osiyana omwe angofanana kamvekedwe, ndipo sindikana. Komabe wofedwa pasiwa samva gulu la dzina, amamva ulemu. Ife tidasiya liwu limeneli n'kutola "thupi" chifukwa tikumasulira mawu a m'mafomu a Chingerezi, omwe amaona womwalira ngati katundu wofuna chilolezo chodutsira pachipata.

Pali liwu linanso loyenera kutiopsa. Munthu amene adapita kunja n'kusamvekanso timamutcha mtchona, kuti adatchona. Anansi athu a Chizulu pano, akamati munthu ushonile, amatanthauza kuti wamwalira, ndipo mneni womwewo ndi umene amanenera kulowa kwa dzuwa. Kwa makolo athu kutchona ndi kufa zidali pafupi, chifukwa zonse ziwiri zimatha ndi chete. Masiku ano timadzitama kuti utchona udatha, poti aliyense ali ndi foni ndipo maliro amafika kumudzi. Ine ndikuti munthu amene wabwerera kwawo m'bokosi, popanda wonena chimene adachita zaka khumi ali kuno, watchonabe. Zaka zakezo zatsalira pa Kya Sand, ndipo zidzapsa pamodzi ndi chisakasa chake tsiku limene moto udzabukenso, monga umachitira kawirikawiri kuno.

Chizolowezi chowerenga anthu athu m'malo mowatchula sichidayambe ndi ife. M'masiku a Wenela, wopita kumigodi ankadziwika ndi nambala. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown, ku Botswana, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Ngoziyo idachititsa Kamuzu Banda kuimitsa zolemba anthu opita kumigodi ya kuno, motero mabuku a mbiri amaikumbukira. Ndani mwa ife angatchule dzina la mmodzi yekha mwa anthuwo? Pa 31 Ogasiti 2023 moto udapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso, pa 80 Albert Street ku Marshalltown, ndipo pakati pawo padali Amalawi. Ambiri adapsa kosazindikirika. Nyumba imeneyo, m'nthawi ya tsankho, idali ofesi ya mapasi, kumene munthu wakuda ankadindidwa kuti aloledwe kukhala mumzinda uno. Pa 6 Meyi 2024 nyumba yomwe inkamangidwa ku George idagwa n'kupha anthu 34, ena mwa iwo a kwathu ndi a ku Mozambique ndi Zimbabwe. Manambalawa tonse timawadziwa. Mu 2016 wojambula Johnny Miller adajambula Kya Sand ali m'mwamba, mbali ina zisakasa zothithikana, mbali ina mipanda ndi mitengo yobiriwira ya Bloubosrand, ndipo chithunzicho chidayenda dziko lonse. Ndi chithunzi choona, koma kuchokera m'mwambamo simungaone nkhope ya munthu. Kuti boma, nyuzipepala ndi alendo atione motero sindidabwa. Chondipweteka n'choti ife eni ake, okhala pansi pa malatawo, tayamba kudzilemba chimodzimodzi.

Tsono pali anzanga ena okonda chiyankhulo amene amati vuto ndi Chingerezi basi: chotsani RIP, lembani kuti "mzimu wawo uuse mumtendere", nkhani yatha. Amenewanso ndikutsutsana nawo, mwina koposa. Chiganizo chimenecho chidabwera ndi mipingo, chidakhazikika, ndipo ndi chathu tsopano, sindichinyoza. Koma kusintha zilembo zitatu ndi mawu anayi a Chichewa sikuwonjezera kanthu pa zomwe tikudziwa za womwalirayo. Chikhoza kunenedwa kwa khanda ndi kwa nkhalamba, kwa mfiti ndi kwa m'busa. Ndiponso chiyero cha chiyankhulo chomwe ena amachifunacho n'chiti? Liwu lolemekezeka loti malemu limamveka ngati marehemu la Chiswahili, lomwe gwero lake ndi Chiarabu, kutanthauza wochitiridwa chifundo. Pano pa Kya Sand timalira pamodzi ndi Ayao a ku Mangochi, amene mwambo wawo wa Chisilamu umafuna kuika maliro msanga, kotero ena amagona m'manda a kuno komweko. Timalira ndi Atumbuka a ku Mzimba ndi Atonga a ku Nkhata Bay. Uthenga wonena za moyo wa munthu m'Chichewa chosakanikirana ndi Chiyao ndi Chizulu ndiulandira ndi manja awiri kuposa Chichewa choyera chosanena kanthu.

Chifukwa changa chofunira chiyankhulo chathu n'china. Ndi m'chiyankhulo chathu mokha momwe mafunso oyenera amabwera okha. Fomu ya Chingerezi imafunsa dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti. Mthenga wa zovuta kumudzi sangaime pamaso pa anyakwawa popanda kunena mfunda, mudzi, mwini mbumba, ndi kuti malemuwo asiya ana angati ndipo ali kuti. Pamanda pamaimirira wowerenga mbiri ya malemu. Mbiri imeneyo, ya munthu wa kuno, imayenda bwino mpaka chaka chimene adakwera basi ya ku Joni, kenaka imalumpha n'kutera pa tsiku lomwalira. Akumudzi sangadzaze mpatawo chifukwa kunalibe iwo. Amene tidalipo ndife, ndipo tidangotumiza chikalata chosonyeza amene adasonkha.

Mfundo imodzi yotsutsa ndiyo imandilemera, ndipo sindiizemba. Anthu ambiri kuno amakhala mwamantha. Ena alibe mapepala, ena amagwira ntchito ndi dzina losakhala lawo, ndipo chiyambire zipolowe za 2008, mpaka masiku ano a Operation Dudula, kubisa kwanu kwakhala njira yodzitetezera. Munthu wotere amasankha yekha kudziwika kuti "Madala". Kulemba zambiri za iye poyera kungaike pamoto mkazi wake, mng'ono wake, kapena amene adamubwereka chitupa. Izi n'zoona, ndipo amoyo tiyenera kuwabisa. Komatu sindikupempha kuti mbiri iikidwe pa intaneti kuti aliyense aone. Ndikupempha kuti inenedwe pasiwa, ijambulidwe m'foni imodzi, itumizidwe kwa mwini mbumba pamodzi ndi maliro. Wakufa apolisi sangamumangenso. Ngati mantha adamulanda dzina ali moyo, ife n'kupitiriza kumubisa atamwalira, ndiye kuti tamalizitsa ntchito ya omuopseza aja.

Ndichenjezenso kuti mbiri yomwe ndikunena si ija yoti "adali munthu wabwino, wokonda anthu, wosayambana ndi aliyense". Imeneyo ndi RIP yovala Chichewa. Kwathu adzukulu amaloledwa kuchita nthabwala pamaliro, kutsanzira kayendedwe ndi kayankhulidwe ka malemu, mpaka ofedwa aseke misozi ili m'masaya. Abale athu a ku Zimbabwe amadziwa zomwezo mwa sahwira wa Chishona. Mwambowu umazindikira kuti munthu amakumbukika ndi makhalidwe ake enieni, okoma ndi owawa omwe. Bambo a ku Ntcheu aja adali aukali pa ndalama. Ukawabwereka R20 ankakutsata mpaka kutchalitchi. Koma mbaula ya palafini ikayamba kudontha, amayi onse a mzere wathu ankapita nayo kwa iwo, ndipo ankaikonza ulere akung'ung'udza kuti mudzatiwotcha tonse. Ndani akudziwa kuti ndi zisakasa zingati zidapulumuka chifukwa cha kung'ung'udzako? Zimenezi ndidazimva pamoto paja, anthu akuzinena mwa apo ndi apo, ndipo panalibe amene adaganiza kuti ndi zoyenera kutumiza kumudzi. Inenso, wophunzira za ziyankhulo, foni ili m'thumba, sindidajambule kanthu.

Chimene ndikupempha kwa atsogoleri a magulu a maliro, kuno ndi ku Diepsloot, ku Cosmo City, ku Mbare ngakhale ku Lusaka, n'chochepa. Mlembi amene amasunga buku la zopereka atsegule tsamba lina, munthu akadali moyo, polowa m'gulu: mfunda, mudzi, mfumu yaikulu, ndi wachibale woti auzidwe. Zovuta zikagwa, mndandanda wa ndalama usanawerengedwe, papatsidwe mpata kwa anthu awiri kapena atatu amene adadya naye, kugwira naye ntchito ndi kuyambana naye, kuti anene zomwe akudziwa. Sizifuna randi imodzi.

Patatha sabata maliro atafika, mlongo wawo wa bambo aja adaimba foni kudzathokoza, ndipo foniyo idafika kwa ine chifukwa ndine ndidalemba mndandanda. Za ndalama sadafunse. Adafunsa ngati achimwene awo ankapempherabe, ngati adali ndi mnzawo wocheza naye madzulo, ndiponso kuti ndani adali nawo pafupi usiku womaliza. Ndidawauza za mbaula zija, ndipo adaseka pang'ono n'kunena kuti ali mnyamata ankakonza nyali za mudzi wonse. Mafunso atatu aja ndidalonjeza kuti ndikafunsa. Amene ankagona chisakasa choyandikana ndi chawo adasamukira ku Cape Town mwezi watha, ndipo nambala yake sikulowanso.