Tikupsa M'nyumba Zathu: Dandaulo la Anthu a Kuchigwa cha Shire

Ife a kuchigwa cha Shire, kuyambira pa Thabwa kutsetsereka ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka, tili ndi dandaulo losowa kokalitula. Madzi akasefukira timadziwa khomo lokagogoda, njala ikavuta amatilemba mayina, koma kutentha kulibe kaundula ndipo palibe galimoto imene inabwerapo kudzationa chifukwa choti tikupsa. Ndiye tati tilembe, mwina mwa owerenga mungapezeke wotimvera.

Mantha amayamba mu Ogasiti, anzathu a ku Thyolo ndi ku Mulanje asanavule n'komwe majuzi a chiperoni. Mwera ukaleka kuwomba, aliyense kuno amadziwa chimene chikubwera. Seputembala timapirira. Okutobala ndi Novembala ndiye miyezi imene munthu amadzuka atatopa kale, maso ali kumwamba kudikira chizimalupsa, ndipo nayonso mvulayo ikangowaza n'kuleka, nthaka imafuka nthunzi, thukuta osauma pathupi.

Amene sanafikeko kuno amaona ngati timakokomeza. Kwerani minibasi ku Blantyre tsiku lina mu Okutobala, mutsike phiri lokhotakhota lija kulowera ku Chikwawa. Musanawoloke mlatho wa Kamuzu mudzakhala mutamasula mabatani, ndipo mphepo yolowa pawindo idzakhala ikukuwambani nkhope. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene ife tili pansi penipeni: pomwe Shire amatulukira m'dziko muno ku Nsanje ndiye malo otsika kuposa ena onse m'Malawi, osafika ndi mamita 50 omwe pamwamba pa nyanja yamchere. Mu Okutobala 2023 a zanyengo anachenjeza kuti kuchigwa kuno kutentha kufika madigiri 44. Dziwani kuti iwo amayeza mpweya wa pamthunzi. Za m'chipinda chamalata nthawi ya 2 koloko masana, zimenezo amayeza ndi matupi athu.

Chenjezo lotere timalimva pawayilesi chaka ndi chaka, pamodzi ndi malangizo ake: imwani madzi ambiri, valani zopepuka, musagwire ntchito yolemetsa masana, khalani pamthunzi kapena m'nyumba. Sitikutsutsa, ndi malangizo abwino. Vuto lathu lili pa mawu omalizawo. Wolangizayo akamati khalani m'nyumba, m'maganizo mwake muli nyumba ya siling'i, ya mawindo mbali zonse, ya mtengo wa mango pakhomo. Ambiri a ife tikalowa m'nyumba masana ndiye kuti talowa kumene kukutentha kuposa panja.

Tikuonetseni nyumba ya lendi ya pa tauni zathuzi. Chipinda chimodzi ndi pabalaza, khoma la njerwa zowotcha, lalifupi moti munthu wamtali akatambasula mkono amakhudza malata. Windo ndi limodzi, laling'ono, ndipo layang'ana khoma la nyumba ina. Siling'i palibe, timabowo totulutsa mpweya pamwamba pa khoma palibe. Amayi akamaphika chigumu amasonkha moto pansi pa poto, n'kuika makala ena pachivindikiro kuti chipse mbali zonse, ndipo mmenemo ndi mmene nyumbayi imatichitira. Malata amatentha kuchokera pamwamba, njerwa ndi simenti zimamwa dzuwa tsiku lonse. Kandulo woiwalika pawindo umamupeza wapindika. Mafuta odzola asungunuka m'botolo, sopo wafewa, foni yalemba kuti yatentha kwambiri ndipo yakana kutchaja.

Masana tikhoza kuthawira pansi pa mtengo wa nimu wa aneba. Chimene chikutimaliza ndi usiku. Dzuwa likalowa malata amazizira msanga, koma khoma limayamba kubweza moto wonse umene linasunga, ndipo limabwezera m'kati, muli ife. Cha m'ma 11 koloko usiku ukagwira khoma limakhala lofunda. Umagona chagada pamphasa, thukuta likuyenderera m'khosi, ukatembenuka mphasa yakumatirira kumsana. Ena timanyowetsa chitenje n'kufunda, chimauma tisanagone tulo, timadzukanso kukachinyowetsa. Kamphepo kamabwera cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, ndipo tulo tikangoyamba kukoma ndi nthawi yonyamula khasu, chifukwa ganyu wa nyengo imeneyi amagwiridwa kusanache. Thupi la munthu limafuna usiku wozizirirako kuti mtima upume pa ntchito imene wagwira masana. Ife timatha milungu osaupeza usiku woterowo, ndiye musadabwe kutiona tikukangana pamjigo pa nkhani ya ziii.

Mudzati, bwanji osagona panja? Timagona, abambo ndi anyamata makamaka. Koma kuno ndi kwa udzudzu. Madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi ali pafupi, ngalande zothirira minda sizimauma, ndipo alangizi a zaumoyo amatiuza zoona kuti tizigona m'masikito usiku uliwonse. Masikito nawo amatchinga kamphepo kochepa komweko. Munthu umasankha pakati pa kubanika ndi malungo, ndipo pakati pa usiku, mutu utazungulira, ambiri timakankhira masikito kumbali. Panja pali zinkhanira, pali njoka zimene nazo zikusaka pozizira, pali akuba amene amadziwa bwino kuti nyengo imeneyi zitseko zimagona zosatseka. Mayi amene mwamuna wake ali ku Joni sangayale mphasa pabwalo ndi ana ake aakazi. Amakhoma chitseko, amatsekanso kawindo kaja, n'kupirira mpaka kuche. M'nyumba zambiri amene akupsa kwambiri ndi amayi ndi atsikana, ndipo ndi omwewonso amene mawa lake aima pamoto kuphika.

Za madzi akumwa ambiri, tikanakonda. Mijigo ingapo kuchigwa kuno imatulutsa madzi amchere, omwa n'kumvabe ludzu, ndipo pamjigo wa madzi okoma mzere wa ndowa umayamba kusanache. Wopita kumtsinje akudziwa kuti mu Shire muli ng'ona. Madzi ukawapeza, m'chigubu cha pulasitiki amafunda ngati owayika pamoto. Chimene chimatipulumutsa ndi mtsuko wa dothi wa agogo athu, umene umatuluka thukuta kunja n'kuziziritsa za m'kati, koma owumba akuchepa ndipo pamsika padzaza zigubu. Amene ali ndi firiji amagulitsa madzi ozizira m'timajumbo, ndipo sitiwada, nawo akusaka ya sopo. Koma bambo wa ana asanu agule timajumbo tingati pa tsiku? Magetsi nawo amazima nthawi imene tikuwafunitsitsa, ndipo ambiri a ife sanatifikebe n'komwe. Ngakhale fani ikhalepo, kukatenthetsa imangokupemerera mpweya wamoto womwewo.

Kukhitchini nako kuli mlandu wake. Ndiwo zophika m'mawa zimasasa asanafike madzulo, thobwa limawira lokha, nsomba yogula m'mawa iyenera kupsa nthawi yomweyo. Kumalo ozizira mayi amaphika nyemba kamodzi n'kudya kawiri. Kuno kuphika ndi kawiri, nkhuni kawiri, kuima pamoto kawiri, m'miyezi yomwe chakudya chayamba kale kuchepa m'nyumba.

Tikudziwa yankho limene limabwera msanga: munadula nokha mitengo. Tisanatsutsane, imani m'mbali mwa msewu wokwera ku Blantyre m'mamawa muone kumene matumba a makala akulowera. Mthunzi wa kumidzi ukuphikira nsima m'tauni, ndipo wowotcha makalayo amatero chifukwa mapira ndi thonje zakanika. Mu 2024 chilala cha El Niño chinachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28 a dziko lino, ndipo athu anali momwemo. Chaka chomwecho akatswiri anachipeza kuti chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo chiyambire kuyeza nyengo pa dziko lapansi. Utsi wochititsa zimenezo sunachokere pa mafuwa a ku Ngabu.

Enanso a ife mitengo tinali nayo, tinaisiya kumudzi wakale. Madzi osefukira a 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anatichotsa m'mbali mwa mtsinje, ndipo tinauzidwa kuti tisamukire kumtunda. Tinamvera, moyo ndi wofunika. Koma kumtundako tinapeza thengo lolambula, la miyala, lopanda ndi mtengo umodzi woti mbuzi ibisalepo. Achifundo anatipatsa malata, ndipo tikuthokoza ndi mtima wonse, pakuti mvula sitinyowa nayo. Chimene palibe anafunsa n'chakuti nyumbayo idzakhala yotani mu Okutobala. Anatimangira moganizira madzi a mwezi umodzi, n'kuiwala dzuwa la miyezi itatu limene silidumpha chaka.

Makolo athu, a Chimang'anja ndi a Chisena omwe, sanali opusa pomanga nyumba za denga la udzu lotsika mpaka kuphimba khonde mbali zonse. Dzuwa silinkafika pakhoma, ndipo udzu sutentha ngati chitsulo. Sitikunena kuti tibwerere kumeneko. Udzu wofolera ukusowa, chiswe chimadya, moto ukagwira zonse zapita, ndipo palibe amene amafuna kufolera chaka ndi chaka. Malata tinawafuna ndipo tikuwafunabe. Chimene chikutiwawa n'chakuti tinataya khonde, tinataya mthunzi, n'kulandira bokosi, ndipo amisiri akupitiriza kumanga mabokosi omwewo chifukwa mwini nyumba akuwerenga njerwa.

Inu a landilodi, bambo athu, apa tikulankhula ndi inu. Mtengo wa mango umene unali pakati pa bwalo munaudula kuti mukwanitsepo chipinda china cha lendi. Tikapempha kuti mutiboolere windo lachiwiri mumati akuba alowerapo. Tikati tikhome tokha mphasa kapena bango kunsi kwa malata mumati tikuwonongerani nyumba. Lendi mumatolera yofanana, mu Juni ndi mu Okutobala momwe, chonsecho mu Okutobalamo nyumba yanu timangosungiramo katundu, ife tikugona pakhomo. Mizere iwiri ya njerwa yowonjezera pakhoma, timabowo pansi pa denga, ndi penti yoyera pamwamba pa malata sizingakugwetseni. Malata oyera amabweza dzuwa m'malo molimwa, ndipo aliyense amene anagwirapo denga la galimoto yoyera ndi yakuda masana akudziwa kusiyana kwake.

Chotipweteka koposa ndi cha odwala ndi okalamba. Agogo a matenda othamanga magazi kapena a shuga amangoti ndikumva chizungulire, n'kugona pamphasa masana, madzulo ake tikusaka njinga yowatengera kuchipatala. Akatisiya, pamaliro pamanenedwa kuti ndi BP. Palibe amene amanena kuti ndi chipinda chimene anagonamo. N'chifukwa chake kutentha sikuoneka m'mabuku a wina aliyense, pakuti kumapha kudzera m'matenda ena, munthu mmodzimmodzi, m'nyumba mwake, popanda chojambula. Khanda limatuluka timatuza m'khosi ndi m'khwapa, limalira usiku wonse, ndipo kusikelo amatiuza kuti losakwana miyezi 6 tisalipatse madzi, tizingoliyamwitsa pafupipafupi. Mayi woyamwitsayo ndi yemweyo amene waima pamzere wa mjigo kuyambira m'mamawa. Amayi oyembekezera miyendo imatupa, ndipo chipatala ena amachipeza atayenda wapansi padzuwa lomwelo limene wayilesi ikuti tilipewe.

Ana athu sukulu amatsegulira mu Seputembala, ndiye mbali yaikulu ya teremu yoyamba imagwera m'chilimwe. M'kalasi la malata amakhala mothithikana pansi, mawindo ake ndi timabowo ta njerwa, ndipo ikamakwana 11 koloko theka la kalasi likuwodzera. Pobwerera kunyumba mchenga umawotcha mapazi, mwana amathamanga kuchoka pamthunzi wina kufika pa wina. Mayeso adzalemba amodzimodzi ndi mwana wa ku Dedza amene amaphunzira atavala juzi.

Akuluakulu a m'maboma athu, mafumu athu ndi inu a mabungwe, sitikupempha makina oziziritsa mpweya, tikudziwa thumba la dziko lathu. Tikupempha kuti kutentha mukuwerenge ngati ngozi, monga mumawerengera madzi osefukira. Pogawa malo atsopano, mbande za mitengo zizibwera limodzi ndi malata, ndipo ikhale mitengo yodziwa kuno: nimu amene sayoyola masamba m'chilimwe, bwemba, masawu, ndi msangu umene umavala masamba nthawi yadzuwa n'kuyoyola nthawi yamvula, moti sulimbana ndi mbewu m'munda. Mlambe tiulemekeza, koma mu Okutobala umakhala mbulanda ndipo mthunzi ulibe. Pomanga sukulu kapena chipinda cha odwala kuchigwa kuno, pulani yake isakhale yofanana ndi ya kumapiri. M'masabata amene a zanyengo achenjeza, lolani aphunzitsi ayambe m'mamawa n'kuweruka dzuwa lisanafike paliwombo. Ndipo kuchipatala, munthu akabwera atakomoka m'miyezi yotenthayi, afunsidweko kumene amagona ndi ntchito imene amagwira, zilembedwe, kuti chaka chamawa tikadzabweranso ndi dandaulo lomweli musadzatifunse umboni.