"Mwawina!" Kodi Msilamu akatenge ndalama za lotale?

Msika wa fodya wa Chinkhoma ku Kasungu ukangotsegulidwa, ndalama zimayamba kuyenda m'midzi. Alimi amalandira zawo ku banki, olembedwa ntchito m'maesiteti nawonso amapatsidwa malipiro awo a chaka. Ambiri mwa anthuwa ndi abale athu ochokera kunyanja: ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi. Nyengo yomweyi ndi imenenso mafoni amachulukira mauthenga akuti "mwawina".

Tsiku lina titatha Jumu'ah, bambo wina anandionetsa foni yake. Uthengawo unkati wapambana ndalama zambiri pa lotale, koma ayambe watumiza kangachepe ka "msonkho" kuti mphotho ituluke. Funso lake linali lakuti: "Shehe, ndikatenge kapena ndisiye?" Nditamufunsa ngati anagulapo tikiti, anati ayi. Funso limeneli lili ndi mbali ziwiri ndipo tiyenera kuzilekanitsa.

Mbali yoyamba ndi ya akuba. Munthu sangapambane mpikisano umene sanalowe. Makampani ovomerezeka a lotale ndi kubetcha amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, MAGLA mwachidule, lomwe linabwera ndi lamulo la 2022 pophatikiza mabungwe awiri akale oona za juga ndi lotale. Kampani ya chiphaso imafuna umboni wa tikiti kapena akaunti imene munasewerera, ndipo msonkho wa boma umadulidwa pa mphotho yomweyo. Choncho aliyense wokuuzani kuti mutumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, kapena wofunsa nambala yanu yachinsinsi, ndi wakuba. Musamuyankhe. Kanenani kupolisi kapena kwa kampani ya foni yanu, ndipo muchenjeze akumudzi, makamaka makolo okalamba amene timawatumizira ndalama pa foni.

Mbali yachiwiri ndi yovutirapo. Nanga ngati tikiti inagulidwadi, nambala zagwirizana, ndipo ndalama zilipodi? Pamenepa ambiri amati boma linaloleza, palibenso amene waberedwa. Koma chiphaso cha boma chimangonena kuti kampani ndi yovomerezeka pa malamulo a dziko. Sichisandutsa haramu kukhala halali. Mowa nawonso uli ndi chiphaso. Mu Surat Al-Maidah ndime 90 ndi 91, Allah Subhanahu wa Ta'ala anaika juga, yomwe pa Chiarabu ndi maisir, pamzere umodzi ndi mowa, natchula zipatso zake: udani pakati pa anthu ndi kuiwala Swala. Lotale, kubetcha mpira ndi kandege ka pa foni zonse ndi maisir, chifukwa munthu amaponya ndalama yake kuti mwina atenge za anzake popanda malonda kapena ntchito.

Tidzifunse kuti mphothoyo imachokera kuti. Kampani silima fodya, sipita kunyanja. Ndalama imene mmodzi akuvinira ndi ya anthu zikwizikwi amene aluza, itachotsedwapo phindu la kampani. Muli fizi ya mwana wa mnzanu mmenemo, muli thumba la feteleza la mlimi wa ku Santhe, muli mpamba wa mayi wogulitsa usipa. Mnyamata woponya K500 tsiku lililonse amataya K182,500 pa chaka osazindikira, chifukwa imatuluka pang'onopang'ono ngati madzi mu ndowa yobooka.

Tsono amene wawina kale achite chiyani? Choyamba ndi tauba: kusiya, kumva chisoni, ndi kutsimikiza mumtima kusabwereranso. Ngati ndalamazo zalowa kale m'manja mwake, ma ulama ambiri amati azichotse pozipereka kwa osauka kapena ku ntchito zothandiza anthu onse, monga kukonza mjigo kapena mlatho wa m'mudzi. Asadyetse nazo banja lake, asapitire nazo ku Hajj, asalipirire zakaat, ndipo asaziwerenge ngati sadaka yoyembekezera malipiro, pakuti Allah ndi Woyera ndipo amalandira zoyera zokha. Ndikudziwa kuti mawuwa ndi olemera kwa munthu amene denga lake likudontha. Koma ndalama ya juga imaitana inzake. Amene walawa kamodzi amabwereranso, ndipo kawirikawiri amabweza zonse ndi kuwonjezapo mbuzi za pakhomo.

Si mphotho iliyonse yoletsedwa. Mwana wopambana mpikisano wowerenga Qur'an, kapena mlimi wopatsidwa mphatso chifukwa cha fodya wabwino, alandire ndi manja awiri. Kusiyana kwake n'kwakuti sanaponye ndalama yake pa mwayi.

Ife makolo ndi atsogoleri a mizikiti tili ndi gawo lathu. Lamulo silola mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, koma foni ya bambo imagona ndi mwana. M'kalasi timawaona: thupi lili pa desiki, mtima uli pa zigoli za ku England. Tisadikire kuti aluze fizi kenako n'kumukalipira. Tikambe naye lero, ndipo ifenso tionetse chitsanzo.

Bambo uja sanatumize kalikonse. Ndalama zake za fodya anagulira malata ndi matumba a chimanga, n'kukwera galimoto yodutsa m'nkhalango kubwerera kwawo ku Nkhotakota. Allah atipatse riziki la halali ndi mtima wokhutira nalo. Ameen.