Maganizo a Mkonzi: Wakutsina khutu ndi mnansi

Ntchito yopopa madzi m'nyanja ya Malawi ku Salima kupita ku Lilongwe inaperekedwa ku kampani ya Khato Civils mu 2016, boma la DPP likulamula. Mu 2017 bungwe la maloya la Malawi Law Society linapita kukhoti podandaula kuti ntchitoyi ikuyamba popanda kuunika mmene idzakhudzire chilengedwe. Boma la MCP litalowa mu 2020 linapitiriza ntchitoyi ndi kampani yomweyo.

Tikuyamikira atolankhani ndi oyankhulapo pa wailesi amene amafunsabe za mgwirizanowu ngakhale chipani chomwe amachikonda chikhale m'boma. Kudzudzula a kwanu n'kowawa, ndipo anzako amakutcha wogulidwa. Komabe ngongole ya ntchitoyi adzabweza ndi Amalawi onse, kuphatikizapo msodzi wa ku Senga Bay ndi mlimi wa mpunga wa ku Lifuwu.

Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Boma lililonse liike poyera mgwirizanowu, mtengo wake ndi kabwezedwe ka ngongole. Oyankhulapo ena amene amangoti ziii chipani chawo chikalowa m'boma ayambenso kufunsa.